Za Kujambula Zithunzi pa Mvula



Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo aliyense wakonza khasu lake. Tsono mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanthu kamene ena adzati nkachabe, ndiko kujambula zithunzi mvula ilikugwa. Musafulumire kuseka, yambani mwamva.

Pa maulendo athu timalowa m'nyumba zambiri, ndipo eni nyumba, mwa ulemu wawo, amationetsa zithunzi zawo, zina zopachika pakhoma, zina zosungidwa m'foni. Taona maukwati, taona ana atavala zatsopano, taona anyamata atatsamira njinga zamoto za eni. Koma tazindikira chinthu chimodzi: pafupifupi zonse nza m'chilimwe. Mlendo wozipenya angayese kuti dziko lathu ndi la fumbi ndi madyerero okhaokha. Miyezi ya dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, imene imatidyetsa tonse, mulibemo.

Ife tomwe mlanduwu watikhudza. Mayi athu otibala anatisiya zaka zapitazo, ndipo chithunzi chawo tili nacho chimodzi chokha. Aimirira chilili patsogolo pa nsalu ya wojambula wa kutauni, atavala nsapato zobwereka, nkhope ataumitsa ngati munthu woitanidwa ku bwalo la milandu. Adzukulu akachiona amafunsa kuti, "Kodi agogo anali aukali?" Iai, sanali aukali. Mayi amene ife tinawadziwa ndi aja a kumunda, mbewu zili m'chikho, chidendene chilikufotsera phando, mvula ilikuwaza, iwo alikuseka ndi kutikalipira kuti tifulumire. Amenewo palibe anawajambula, pakuti tonse tinkati pa mvula sajambula. Madzi akatayika saoleka.

Kodi mwambo umenewu unachokera kuti? Pa masiku ake sunali wopusa. M'chaka cha 1851 Mngelezi wina, Frederick Scott Archer, analengeza njira yojambulira pa galasi lopakidwa mankhwala. Galasilo linayenera kujambulidwa ndi kutsukidwa lisanaume, kotero kuti wojambula ankayenda ndi hema wamdima ndi mabotolo ambiri. Pamene David Livingstone anayamba ulendo wake wa pa Zambezi ndi Shire mu 1858, ntchito ya zithunzi inapatsidwa kwa mng'ono wake Charles, koma zochepa zokha zinamuyendera bwino. Sing'anga wa paulendowo, John Kirk, anajambula pa mapepala opakidwa phula, ndipo zake zilipo kufikira lero. Zambiri nza mitengo, nyumba ndi zombo, pakuti chithunzi chimodzi chinkafuna nthawi yaitali, ndipo chinthu choyenda sichinkagwirika. Pambuyo pake kunadza filimu, koma nayonso inali ya mtengo. Mpukutu umodzi unkatenga zithunzi 24 kapena 36 zokha, ndipo wojambula woyenda pa njinga sakanalola kuutaya pa tsiku lamdima. Lero kamera ili m'thumba, m'kati mwa foni, ndipo kujambula kamodzi kapena kakhumi mtengo wake ngofanana. Chifukwa cha mwambowo chinapita. Mwambo wokha ndiwo watsala.

Choyamba, tinene za kuwala. Ambiri ayesa kuti chithunzi chabwino chifuna dzuwa loswa mtengo. Si tero. Dzuwa la masana a Okutobala limaponya mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa chibwano, ndipo munthu amatsinzina. Ndiponso kumbuyo kwa munthu kukawala kwambiri, kamera imatsata kuwalako, nisiya nkhope yathu yakuda ili bii, yosazindikirika. Koma mitambo ili ngati nsalu yoyera yoyalidwa pansi pa dzuwa: imamwaza kuwala mbali zonse, ndipo nkhope imaoneka yonse, ndi makwinya ake, ndi kumwetulira kwake. Mvula imatsukanso fumbi ndi utsi wa lupsa, kotero kuti mapiri amene anabisika chilimwe chonse amaonekanso ngati ali pafupi. Tsamba lonyowa limabiriwira koposa louma, ndipo katondo wonyowa amafiira koposa wa fumbi.

Chachiwiri, mvula yeniyeniyo. Wina adzati, "Ine ndinajambula mvula ilikugwa ndithu, koma pachithunzi siinaoneke." Inde, pakuti dontho la madzi lilibe mtundu. Likagwa patsogolo pa thambo loyera, limasowa. Funani malo akuda kumbuyo kwake: khomo lotsegula la nyumba, mtengo wa mango wa masamba ambiri, kapena phiri. Ndipo kuwala kukachokera kumbuyo kwa mvula kapena cham'mbali, madontho amanyezimira ngati mikanda.

Dziwaninso kuti kamera imaphethira monga diso, ndipo chithunzi ndicho chimene yaona pa kuphethira kumodzi. Dontho lalikulu limagwa mamita pafupifupi 9 pa sekondi imodzi. Tsono kamera ikapenya kwa gawo limodzi la magawo 30 a sekondi, dontholo layenda kale masentimita 30, ndipo lioneka ngati mzere wautali. Ikapenya kwa gawo limodzi la magawo 1,000, dontho silinayende ngakhale sentimita imodzi, ndipo lioneka lolendewera m'malere. Mafoni ena amalola mwini wake kusankha yekha. Funsani ana anu akuonetseni. Zithunzi zotere ndizo zinaonetsa anthu kuti dontho la mvula silisongoka kumwamba monga timalilembera kusukulu: laling'ono ndi lobulungira, ndipo lalikulu ndi lophwatalala kunsi ngati chitumbuwa.

Koma pa tsiku la mvumbi kuwala nkochepa, ndipo foni imatalikitsa yokha kupenya kwake. Dzanja likanjenjemera pang'ono, chithunzi chonse chisokonezeka. Chifukwa chake tsamirani mzati wa khonde, gwirani ndi manja awiri, zigongono zikhale ku nthiti. Kanyale kaja kong'anima, kamene amati fulashi, kazimitseni, pakuti kamawalitsa madontho apafupi, nadzaza chithunzi ndi mawanga oyera.

Chachitatu, musabwerere m'nyumba msanga mvula ikakata, pakuti nthawi imeneyo ndiyo yokoma koposa. Chithaphwi chilichonse chimasanduka kalilole. Mukawerama ndi kutsitsa foni pafupi ndi madzi, mudzaona nyumba, mtengo ndi mwana zili pawiri. Chimodzi cha zithunzi zomveka pa dziko lonse nchotere. Mu 1932, ku Paris, kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare, Henri Cartier-Bresson anajambula munthu alikulumpha chithaphwi chachikulu, chidendene chisanakhudze madzi, ndi chithunzithunzi chake chili pansi pake. Munthuyo sanali mfumu, ndipo malowo sanali okongola. Wojambulayo anangotola kamphindi koyenera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ife kwathu kuno tili nazo zambiri zotere: ana alikutola ngumbi, amayi akuchokera ku bowa, chimanga chitangomera m'mizere. Mukafuna utawaleza, fulatirani dzuwa, pakuti umaoneka mbali yoyang'anana nalo, ndipo umadza dzuwa likakhala m'munsi, m'mawa kapena madzulo, osati lili paliwombo.

Chachinayi, walira mvula walira matope: chipangizo chanu chifuna kusamalidwa, pakuti munachigula ndi thukuta. Malo abwino ojambulira ndi pakhonde, pamene inu muli pouma ndipo mvula ili patsogolo panu. Mukapita kumunda, mwana akugwirireni ambulera, kapena ikani foni m'kajumbo koonekera, ndipo muitulutse pa kamphindi kojambula kokha. Sungani kansalu kofewa ndi kouma kopukutira diso la kamera, pakuti dontho limodzi pamenepo liononga chithunzi chonse. Galasi la foni likanyowa silimvanso chala bwino. Pa mafoni ambiri mukhoza kujambula podina batani la m'mbali lokwezera mawu. Mafoni ena alembedwa kuti IP67, ndiko kunena kuti anayesedwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Koma kuyesako kunachitika foni ili yatsopano, m'madzi oyera. Foni yong'aluka kapena yakale musaikhulupirire, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo alibe chitetezo chimenechi nkomwe.

Nanga ikanyowa? Izimitseni pomwepo. Chotsani batire ngati imachoka, ndi timakhadi tonse. Musaitchaje kufikira itaumitsitsa, pakuti magetsi akakumana ndi madzi m'kati ndiye imfa yake. Iikeni pamalo ouma, opita mphepo, ndipo mupirire tsiku lathunthu kapena awiri. Musaiyandikize ku moto. Izi tinena ndi manyazi, pakuti chaka china ife tomwe tinaumika yathu pa fuwa, poganiza kuti tachenjera. M'mawa mwake siinadzukenso, ndipo zithunzi za chaka chonse zinapita nayo. Za kuikwirira mu mpunga, zimene ambiri amalangizana, kampani ya Apple, imene imapanga mafoni a iPhone, inachenjeza kuti musatero, pakuti tizidutswa ta mpunga tingalowe ndi kuononga. Ndipo chithunzi chimene mwachikonda musachisiye m'foni imodzi: tumizirani mbale wanu, kapena kachitsukitseni papepala.

Chachisanu ndicho chachikulu, ndipo tipempha makolo achiwerenge mokweza pamaso pa anyamata. Foni ikafa mudzagula ina, munthu sagulidwa. Mukaona ching'aning'ani, werengani masekondi kufikira bingu limveke: masekondi 3 aliwonse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Koma lamulo lapafupi ndi ili: ngati bingu mulikulimva, mphezi ikhoza kukufikani. Pamenepo kujambula kwatha. Chokani pamtetete ndi pachulu, musabisale pansi pa mtengo, chokani ngakhale pakhonde, lowani m'nyumba, ndipo mudikire mphindi 30 chimvekere bingu lotsiriza.

Madzi osefukira nawonso sachitira munthu chisoni. Tonse tikumbukira namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndiponso zimene zinaoneka ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 600 anafa m'dziko la Malawi, ndi ena mazanamazana sanapezeke. Zithunzi za m'mafoni zinathandiza ndithu kuti dziko lidziwe msanga za tsokalo. Koma chizolowezi chothamangira kumtsinje ndi foni m'manja nchoopsa. Gombe limene mwaimapo likhoza kukhala litadyedwa kale kunsi, ndipo madzi othamanga akuya masentimita 15 okha, ongopitirira akakolo, akhoza kugwetsa munthu wamkulu. Mnzanu akakhala m'mavuto, manja anu ndi othandizira, si ojambulira. Ndipo mtembo wa munthu si chinthu chotumizirana. Ali ndi amake, ali ndi ana, amene sayenera kumva za maliro awo pa foni ya mlendo. Ngozi ikapita, pamenepo jambulani khoma lakugwa ndi munda wokokoloka, pakuti zithunzi zimenezo zidzakuchitirani umboni pokanena kwa mfumu ndi kwa akuluakulu a boma.

Tsono pempho lathu ndi laling'ono. Dzinja lino nyumba iliyonse ijambule chithunzi chimodzi cha munthu wake wamkulu ali pa ntchito yake, pa mvula yowaza, yopanda mabingu. Yambani mwapempha, monga ayenera mwana: "Agogo, kodi mungatilole tikujambuleni mulikubzala?" Adzakana poyamba, nadzati, "Ndi matope onsewa? Dikirani ndikavale." Auzeni mwaulemu kuti mufuna iwo amene mumawadziwa. Musawaimitse chilili, asiyeni agwire ntchito, inu mudekhe. Pambuyo pake kachitsukitseni, ndipo kuseri kwake mulembe dzina, mudzi ndi chaka. Tsiku lina mdzukulu adzafunsa kuti agogo anali munthu wotani, ndipo inu simudzasowa chomuonetsa monga tisowera ife.

Tsalani bwino, mubzale pa nthawi yake. Tidzachezanso mwezi wamawa.