MAKINA AMVERE MWINI WACE

Pa chuthi capitaci, ndiri kwathu ku Biwi, amalume anandipatsa kamakina kowerengeramo mabuku kamene anandigulira ku Johannesburg. Ndinakondwa ndithu, koma kanali ndi khalidwe limodzi loipa. Ndikangokayatsa, kanayamba kufunafuna Wi-Fi ndi kuwalitsa nyali yace, ndipo batire linali kutha msanga. Inu anzanga ogonera pa sukulu mudziwa kuti pochajira ndi pamodzi, ofuna kuchaja ndife ambiri.

Msuweni wanga wophunzira za makompyuta anandiuza kuti makina otere, monga Kindle ndi Kobo, amayendera Linux. Podzuka amawerenga ndandanda wa malamulo ndi kuwacita limodzi limodzi, ndipo munthu angathe kuonjezapo ace. Malamulo olembedwa motero amachedwa script. Ife tinalemba anai okha: dikira pang'ono, tseka Wi-Fi, cepetsa kuwala, tsegula buku la Biology. Tsopano ndikafika ku prep buku langa liri cotsegukira, ndipo batire limakhala masiku ambiri.

Ine nditi tonsefe tiyenera kuphunzira luso limeneli. M'caka ca 2013 ana a pa Biwi Primary School anaphunzira masamu pa matabuleti okhala ndi maphunziro a onebillion, ndipo anakhoza bwino koposa anzao amene sanawagwire. Zimenezo zinali zabwino. Koma ana aja anali kucita zimene makina anawauza. Ife a ku sekondale tafika pa msinkhu wouza makina cocita. Kodi khasu limauza mlimi poyambira kulima? Iai.

Ena adzati, "Mudzangoononga zinthu za ndalama." Mau amenewa ali ndi nzeru. Cilembo cimodzi cokha cikalakwika, makina angathe kukana kudzuka, ndipo wogulitsa sangakubwezereni ena. Nanenso mtima unali m'mwamba tsiku loyamba lija. Cifukwa cace tinayamba takopera mabuku onse pa kompyuta, ndipo tinayesa lamulo liri lonse palokha tisanaliike poyambira. Safunsa anadya phula. Makina a sukulu kapena a mnzako usawagwire wopanda cilolezo.

Koma mantha okha saphunzitsa munthu kanthu. Ndipempha aphunzitsi athu olemekezeka atipatse ola limodzi Loweruka masana, kuti tiziyesa zimenezi pa makina akale, iwo ali pomwepo. Tikalakwitsa pamaso pao adzatikonza, ndipo tidzaturuka pano odziwa kulamula makina.

Wophunzira wa Fomu 3