Kapaketi ka Ma Noodles Pakokha Sikakwanira Mwana

Aliyense amene waloŵa posachedwa m'magolosale a pa Kamuzu Road, ku Senga Bay, ku Chipoka kapena pa Kaphatenga waona timapaketi tonyezimira tili ndandanda pafupi ndi sopo ndi machesi. M'timapaketimo muli chakudya chonga ulusi wopotana chimene ana athu akuchitcha ma noodles. Kale chinkapezeka m'masitolo aakulu a m'mizinda mokha, koma lero chafika mpaka kumadoko kumene asodzi amakocheza mabwato. Mayi akachoka kugombe atatopa, amangoŵiritsa madzi, kuponyamo ma noodles, kuthiramo kaufa kokometsera ka m'kathumba kakang'ono kaja, ndipo pakatha mphindi zitatu mwana wadya. Amayi ambiri kusikelo akhala akufunsa ngati chakudyachi n'chabwino. Yankho langa ndi lakuti chophikidwa motero sichikwanira, koma chophikidwa monga amachitira eni ake, Atchaina, chingathe kukhala chakudya chabwino ndithu pa banja la m'mphepete mwa nyanja.

Tiyambe taona zimene zili m'kapaketimo. Muli ufa wa tirigu, mafuta ndi mchere. Kufakitale amaumba ufawo kukhala tizingwe, nkutiphika ndi nthunzi, kenaka nkutikazinga m'mafuta kuti tiume ndi kusungika miyezi yambiri. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Momofuku Ando ku Japan m'chaka cha 1958, nthaŵi imene anthu a m'dzikolo ankafuna chakudya chotsika mtengo ndi chofulumira kupsa. Tsono kumbukirani magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsana kusikelo: zokhutitsa, zanyama, zamtundu wa nyemba, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta. Kapaketi kaja kali m'gulu la zokhutitsa, limodzi ndi nsima, mpunga ndi chinangwa, kuwonjezapo mafuta pang'ono. Kumpatsa mwana kapaketi kokha n'chimodzimodzi kumpatsa nsima yopanda ndiwo. Palibe mayi amene angachite zimenezo ndi nsima, koma ambiri akuchita ndi ma noodles chifukwa kaufa kokometsera kaja kamanunkhira nkhuku kapena ng'ombe, chikhalirecho nyama mulibemo yoti nkumanga thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malaŵi muno anali opinimbira. Ambiri mwa ana otere sagona ndi njala. Amakhuta, koma amakhuta chakudya cha gulu limodzi tsiku ndi tsiku.

Chachiŵiri ndi mchere, ndipo apa mpamene pali nkhaŵa yanga yaikulu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wonse wa m'ndiwo ndi wa m'zakudya zogula. Mwana ayenera kudya wochepera pamenepo. M'mapaketi ambiri a ma noodles, ukaphatikiza wa m'tizingwe ndi wa m'kathumba kokometsera, mchere umafika theka la muyeso umenewu, mwinanso kupitirira. Amene amadziŵa kuŵerenga ayang'ane kuseri kwa paketi pamene palembedwa sodium, achulukitse nambalayo kaŵiri ndi theka, ndipo apeza kuchuluka kwa mchere weniweni. Kafukufuku wina amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anasonyeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziŵa nkomwe. Matendaŵa ndiwo amadzetsa kufa ziŵalo, ndi kuwononga mtima ndi impso. Lilime limazoloŵera mchere kuyambira paubwana. Ana a sukulu amene amatafuna ma noodles osaphika panthaŵi yopuma, nanyambita kaufa kaja m'manja, akuphunzitsa malilime awo kukana ndiwo za kunyumba kuti n'zosakolera.

Ena mwa anzanga pantchito amati tingowaletsa amayi kugula chakudyachi. Ine sindigwirizana nawo. Chinthu chimene ana achikonda, chopsa msanga, ndiponso chopezeka pa golosale iliyonse sichingathe ndi chiletso cha wazaumoyo. Chanzeru ndi kufunsa kuti kodi kumene chinachokera amachidya bwanji.

Atchaina akhala akudya ma noodles kwa zaka zikwi. Mu 2005 akatswiri ofukula zakale analengeza kuti pamalo otchedwa Lajia, m'mbali mwa mtsinje wa Yellow River, anapeza mbale yovundikirika yokhala ndi ma noodles a zaka pafupifupi 4,000, opangidwa ndi mbewu za mtundu wa maŵere. Chakudya chawo chotchuka chotchedwa chow mein, chimene mungachipeze m'malo odyera a Atchaina ku Lilongwe, dzina lake limangotanthauza ma noodles okazinga. Amachikazingira m'chiŵiya chachitsulo cholowa pakati chotchedwa wok, chimene aliyense wa kuno atachiona angati ndi chiŵaya cha tchipisi. Chofunika kuchizindikira ndi chakuti m'mbale ya chow mein yophikidwa bwino tizingwe tija sitikhala tokha. Mumakhala kabichi, anyezi, masamba obiriŵira, dzira ndi tinyama kapena nsomba zoduladula. Kwa iwo tizingweto ndi nsima, ndipo ndiwo zake zimaphikidwira m'chiŵaya chomwecho. Ndipotu ndiwo imodzi imene amaikonda tili nayo kale m'madimba mwathu, ndipo dzina timaitchula lomwelo la tchainizi.

Nayi njira yophikira banja la anthu asanu. Tengani mapaketi aŵiri kapena atatu a ma noodles. Supageti wamba ndi wabwino koposa chifukwa alibe kathumba ka mchere, kungoti amachedwerapo kupsa. Pezani usipa wouma wodzaza manja aŵiri, mazira aŵiri ngati alipo, mtolo waukulu wa tchainizi, mpiru kapena repu, kabichi pang'ono, karoti, anyezi, adyo, matimati aŵiri, mtedza wokazinga wosinja ndi ndimu. Masamba achuluke kuposa ma noodles, ngakhale aoneke ngati apyola muyeso, pakuti pamoto amafota. Dulani zonse tizidutswa tating'ono musanasonkhe moto. Ili ndilo lamulo loyamba la kaphikidwe kameneka, chifukwa chiŵaya chikatentha simupezanso mpata wofunafuna mpeni.

Ŵiritsani ma noodles mphindi ziŵiri zokha, muwatsanule ndi kutaya madziwo. Ikani chiŵaya kapena felempani yaikulu pamoto wamphamvu, muthiremo masupuni aakulu atatu a mafuta. Yambani ndi usipa umene mwautsuka kuchotsa mchenga, muukazinge kufikira uume gwa, nkuuika pambali. Swerani mazira, muwatakase mpaka apse osatsala pamadzimadzi. Ponyanimo anyezi ndi adyo, kenaka zolimba monga karoti, kabichi ndi mapesi a tchainizi, pambuyo pake masamba ofeŵa ndi matimati. Dzanja lisaleke kutembenuza. Masamba akangofota koma akadali obiriŵira, thiranimo ma noodles ndi usipa uja, musakanize mphindi ziŵiri, nkuphula. Pa timatumba tokometsera titatu gwiritsani ntchito kamodzi kokha pa chiŵaya chonse, ndipo musawonjezere mchere wina. Kukoma kotsalako kuchokere ku usipa, adyo, mtedza wowaza pamwamba ndi madzi a ndimu. Kambuzi aikidwe pambali kuti akuluakulu adzithirire okha. Mwana wamng'ono mumdulire tizingweto tifupitifupi ndipo usipa wake muusinje. Wosakwana miyezi isanu ndi umodzi asalaŵe nkomwe, chake ndi bere lokha.

Mbale imeneyi tsopano ili ndi zokhutitsa, zanyama, mtedza wa m'gulu la nyemba, masamba ndi mafuta. Mukampatsa mwana bango kapena papaya pambuyo pake, magulu onse asanu ndi limodzi akwanira pa chakudya chimodzi.

Pali phunziro lina m'kaphikidwe aka limene ndikanakonda litaloŵa m'makhitchini mwathu ngakhale tsiku limene mulibe ma noodles. Ife timakonda kuŵiritsa masamba nthaŵi yaitali, kuthiramo soda kapena chidulo kuti afeŵe, mpaka asanduke akuda. Kutentha kwa nthaŵi yaitali ndi soda zimapha vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, ndipo otsala amapita ndi madzi amene timataya. Kukazinga mofulumira kumasunga ambiri mwa iwo. Mafuta pang'ono aja amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba obiriŵira ndi karoti, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi polimbana ndi matenda. Ndimu amathandiza kuti mchere wa ayironi wa m'masamba uloŵe m'magazi, chinthu chofunika kwa amayi oyembekezera. Usipa nawo, pakuti timadya wathunthu ndi mutu ndi minga yomwe, umapereka kashiamu wolimbitsa mafupa amene mnofu wa chambo sungapereke mofanana. Nkhuni nazonso zimapita zochepa, pakuti moto ngwamphamvu koma ngwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu.

Koma monga woyang'anira zaukhondo ndiyenera kuchenjeza kuti kufulumira komweku kuli ndi ngozi yake. Ndiwo zoŵira ola lathunthu zimakhululukira mayi amene sanatsuke bwino masamba. Zokazinga mphindi zitatu sizikhululuka chotero. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba ku Machinga mu Marichi 2022 napitirira mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu la Salima linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Masamba ambiri amene timagula pamsika amathiriridwa ndi madzi a m'zithaphwi ndi m'mitsinje, ndipo ena amawazidwa madzi a m'nyanja kuti aoneke atsopano. Atsukeni tsamba ndi tsamba musanadule, ndi madzi a pamjigo kapena othira klorini, osati otunga kugombe kumene anthu amasamba ndi kuchapa. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe. Ngati mukugwiritsa ntchito nsomba yaiŵisi, monga utaka kapena mnofu wa kampango, mpeni ndi thabwa limene mwatumbulirapo zisakhudze masamba musanazitsuke ndi sopo, ndipo nsombayo ipse mpaka m'kati isanakumane ndi zinzake. Pogula usipa sankhani woyanikidwa pathandala, osati pamchenga pamene pamayenda agalu ndi nkhuku.

Za mkute ndinenepo mwapadera. Tinazoloŵera kusunga nsima ya madzulo kuti ana adye m'maŵa, ndipo ena ayamba kuchita chimodzimodzi ndi ma noodles ndi mpunga. Muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamene mbewu zake sizifa ndi kuŵira. Chakudya chikazizira nkukhala pamalo ofunda, timbewuto timamera, tizilombo nkuchulukana, ndi kutulutsa poizoni amene safa ngakhale mutenthetsenso chakudyacho pamoto. Wodya amayamba kusanza pakangopita maola ochepa. M'nyumba yopanda firiji, makamaka ndi kutentha kwa kuno kwa mu Okutobala ndi Novembala, chakudya chotere chisakhale maola oposa aŵiri chiphikireni. Phikani chokwanira kudya nthaŵi yomweyo. Mafutanso akhale atsopano, makamaka a m'botolo losonyeza kuti anathiramo vitamini A. Mafuta akuda otsala pa chiŵaya cha tchipisi, amene ena amagulitsa motchipa, asaloŵe m'chakudya cha mwana. Ndipo pogula paketi yang'anani tsiku lothera ntchito. Yobooka kapena yofwifwa chifukwa chokhalitsa padzuŵa muisiye, popeza mafuta a m'tizingwe tija amawonongeka ndi kutentha.

Wina adzati zonsezi n'zabwino koma ndalama zake zili kuti. Funso limeneli ndi loona, ndipo ndi chifukwa chake sindikunena kuti ma noodles aloŵe m'malo mwa nsima. Tirigu timalima wochepa kwambiri m'Malaŵi, wochuluka amachokera kunja, choncho chakudya cha tirigu sichingatsike mtengo kuposa chimanga cha m'nkhokwe mwanu. Ngati ndalama ili yokwanira chinthu chimodzi chokha, kapaketi kapena mulu wa usipa, gulani usipa. Komabe taonani kuti mapaketi aŵiri amene akanadyedwa ndi ana aŵiri okha, akasakanizidwa ndi masamba a kudimba amadyetsa banja lonse. Ndiponso njira yomweyi imagwira ntchito ndi mpunga wathu wa ku Lifuwu: muuphike, uphwe nthunzi pang'ono, nkuukazinga nthaŵi yomweyo ndi usipa, dzira ndi masamba monga tafotokozera.

M'miyezi ya dzinja nsomba zimasoŵa ndi kukwera mtengo, ndipo ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa kuti nsomba ziswane. Nyengo imeneyo m'malo mwa usipa ikani mazira, nyama ya soya yoviika m'madzi otentha, nyemba zophikaphika kapena ngumbi zokazinga. Ndi nyengo yomweyonso imene bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani zimamera zosagula kuseri kwa nyumba. Bonongwe amapsa msanga ngati tchainizi; nkhwani muusadzule ndi kuudula mopyapyala, ndipo uloŵe m'chiŵaya pamodzi ndi kabichi chifukwa umachedwerapo kufeŵa.