Bawuti wa pamsika asakwere ndege

Amangwetu, m'chaka cha 2016 dziko lidamva za bambo Felix Kambwiri, mmisiri wowotcherera wa m'mudzi wa Gobede, kumpoto kwa Lilongwe kuno, amene adapanga helikopita yokwera munthu mmodzi ndi zitsulo zakutha. Injini yake inali ya njinga yamoto ya 125cc. Anthu adakhamukira kukaona, koma mkuluyu adachenjezedwa kuti asaiulutse kufikira akuluakulu oyang'anira za ndege atayiyendera.

Wina anganene kuti imeneyo ndi nsanje, Mmalawi safunira mnzake zabwino. Ine ndikuti ayi. Pa ndege pali tinthu tina tobisika timene munthu wongoonerera satiganizira n'komwe, koma moyo wagona pamenepo.

Tikamakamba za ndege tonse timathamangira kufunsa za injini. Chonsecho ndege yamapiko injini ikazima imatha kutsetsereka mumlengalenga mpaka kukatera pa dambo. Koma kulumikizana kwa dzanja la woyendetsa ndi mapiko kukaduka, basi kwatha, palibenso pogwira.

Tamverani mmene zimakhalira. Pakati pa miyendo ya woyendetsa pamakhala ndodo. Akaikokera kwa iye, kachitseko ka kumchira kamadzuka ndipo mphuno ya ndege imaloza kumwamba. Akaipendekera kumanzere, kachitseko ka kuphiko lakumanzere kamakwera, ka kumanja n'kutsika, ndege n'kupendekera kumanzere. Mapedulo a kumapazi amakhotetsa chipsepse choimirira cha kumchira. Zonsezi zimayenda ndi timapaipi tokankha ndi kukoka, kapena makebulo achitsulo odutsa pa timawilo, ngati mmene kebulo ya buleki imagwirira pa njinga ya kabaza.

Kusiyana kwake n'kwakuti wakabaza buleki ikaduka amaponda pansi. Kumwamba mupondapo pati?

N'chifukwa chake pali malamulo ake. Ku America, ndege zing'onozing'ono za kufakitale akhala akuzimanga ndi kebulo yosachepa mamilimita atatu kunenepa kwake pa ziwongolero zikuluzikulu. Nati wa pamalo pozungulira amakhala wamano, wotsekedwa ndi kapini kuti kunjenjemera kwa ndege kusamumasule. Pokungira kebulo amamangapo waya wokhomera. Kebulo isakhule chitsulo paliponse, isakungike mopyola, isakhalenso lende. Ndipo ndodo iyende mpaka kumapeto mbali zonse popanda kukodwa.

Ngozi yoopsa kwambiri ndi yopingasitsa makebulo, ya kumanja kupita kumanzere. Pa 23 Ogasiti 1947 Roy Chadwick, katswiri amene adajambula ndege yankhondo ya Lancaster, adafera pa ngozi ya ndege ya Avro Tudor ku Woodford, ku England, itangonyamuka. Amakaniko adalumikiza makebulo a kumapiko mopingasa. Mu Januwale 2003 ndege ya Air Midwest idagwa ku Charlotte ku America n'kupha anthu onse 21. Makebulo a kumchira adakungidwa molakwika, kuphatikizapo katundu wolemera mopyola muyezo. Awatu sadali anthu a pansi pa mtengo wa mango, adali akatswiri amasatifiketi. Nanga amene akuphunzira yekha?

Ndiye kwa anzathu odziwa za ndege, munthu akamanga ziwongolero samadziyendera yekha. Pamabwera wachiwiri, wa maso ena, kudzagwira nati aliyense. Wina amakhala mkati kugwedeza ndodo, wina panja kunena chimene chikuyenda ndi kumene chikulowera. Mutu umodzi susenza denga, adatero akuluakulu.

Mwina mukuti, nanga ife ogulitsa mumsika zikutikhudza pati? Zikukukhudzani zedi. Masiku ano mapulani a ndege zomanga wekha ali pa intaneti. Bwana wina wa ku Area 9, wa galaja yaikulu ndi kandalama kake, woti amadutsa msewu wa ku Mchinji n'kumasirira za ku Airwing, angathe kuyamba yake mawa lino. Kanthu kakamuperewera sadzadikira katundu wochokera ku Johannesburg. Adzatsetserekera kumsika waukulu wa ku Old Town, pa benchi yanu, atagwira bawuti m'manja n'kumati, "Achimwene, muli naye wonga uyu?"

Pamenepo ndi pamene pafunika chilungamo chanu. Mabawuti amafanana maonekedwe koma mphamvu n'zosiyana. Inu nomwe mumadziwa kuti wolembedwa 8.8 pamutu ndi wolimba kuposa wa 4.6, ndipo wopanda chizindikiro ndi wa pageti basi. Koma ngakhale wa 8.8 si wa pa chiwongolero cha ndege. Kumeneko kumafunika mabawuti ake, opimidwa, odziwika kumene achokera. Wochotsedwa ku galimoto ya ngozi n'kutsukidwa ndi petulo angawale ngati watsopano ali ndi mng'alu mkati. Kebulo ya buleki ya njinga ndi ya njinga.

Choncho kasitomala akatchula za ndege, mufunseni kumene akukamanga kanthuko. Ngati n'pa ziwongolero, muuzeni poyera kuti pano palibe, aitanitse zenizeni, ndipo akaonane ndi oyang'anira za ndege asanayese kunyamuka. Safunsa adadya phula. Mwataya kasitomala wa tsiku limodzi inde, koma simudzayenda pa maliro mutazolika.

Amisiri athu tisawaseke, luso alinalo. William Kamkwamba wa ku Kasungu adayambanso ndi zotolatola popanga makina ake a mphepo, lero dziko lonse likumudziwa. Kungoti zotolatola zili ndi malire ake. Mpando, chitseko ndi penti zichokere kumsika kwathu kuno. Zolumikiza dzanja ndi phiko, ayi ndithu.