Olankhula achuluka, khutu n'lomweli

Ine sindiona. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti timvane msanga, chifukwa nkhani ndabwera nayo lero anthu openya akaimva amangoseka, amvekere: "Aa, a dala, limenelonso ndi vuto?" Ndi vuto ndithu abale anzanga, ndipo kumapeto kwa mwezi wathawu landidyera K7,650.

Ndili ndi kaokala kanga kuno ku Ndirande komwe ndimagulitsa sopo, shuga, mafuta ophikira oyeza ndi tina ndi tina. Masiku ano makasitomala ambiri salipiranso ndi ndalama zogwirika, amangotumiza pa foni. Uthenga wotsimikiza ukalowa, foni imandiwerengera m'khutu, ndipo ndikamva ndalama zake ndi dzina la wotumiza ndi pamene ndimapereka katundu. Chimene chimawerengacho ndi pulogalamu yotchedwa screen reader. Pa mafoni a Android dzina lake ndi TalkBack, pa iPhone ndi VoiceOver yomwe inafikapo mu 2009, ndipo pa kompyuta ambiri timadalira JAWS kapena NVDA. Amenewa ndiwo maso athu.

Tsono usiku wina pulogalamu ina ya m'foni mwanga, dzina ndasunga, inadzikonza yokha, zija achinyamata amati update. Kutacha ndinapeza foni yasanduka mlongolodi. Mphindi zochepa zilizonse: yesani zatsopano zathu, pali mwayi wopambana mphoto, tiuzeni ngati mukutikonda. Loweruka masana, anthu ali piringupiringu pawindo, bambo wina anatenga katundu wa K8,500 nanena kuti watumiza. Foni yanga imawerenga m'Chingerezi. Inangofika pa mawu oti "eight", pomwepo kauthenga ka mphoto kaja kanalumphira pakati n'kuidula pakamwa. Ine poona mzere, ndinati eyiti ndamva, pitani bwino achimwene. Madzulo powerengera ndinapeza kuti zinalowa ndi K850. Kaya anaiwala ziro, kaya anachita dala, adziwa yekha.

Apa ndi pamene openya satimvetsa. Kwa inu, kauthenga kotere kamatulukira pakona ya sikirini, diso limakaona chamchira n'kupitiriza zomwe limachita. Khutu silitero. Khutu limalandira mawu amodzi pa nthawi imodzi, ngati njira ya njinga pa mlatho wa mitengo. Wina akalowapo, winayo ayenera kuima kapena kugwera m'madzi. Choncho chimene kwa inu ndi kantchentche, kwa ife ndi munthu wolowerera nkhani ya akulu popanda kuodira. Pa 14 June 1993 tinavotera matipate kuti aliyense azilankhula, inde, koma sindikumbuka kuti tinagwirizana zoti ndi mafoni omwe azilankhulira pamodzi.

Lolemba ndinatengera foni ija kwa mnyamata wina wokonza mafoni mumsika. Mankhwala ake anali achidule. "Bwana, tingozimitsa ma notification onse, mupume." Ndinakana, ndipo kukana kumeneku ndiko kwandichititsa kuti ndilembe. Ukazimitsa zonse ndiye kuti wazimitsanso uthenga wa ndalama, wa mwana kusukulu, ngakhale chenjezo loti batire latsala pang'ono. Kumeneko n'kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Chofunika n'kupeza kuti wolongololayo ndani, n'kumutseka pakamwa iye yekha. Ntchito yake ndi yotopetsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa Android zimayenda chonchi. Uthenga wosafunikawo ukangomveka, musauchotse msanga ndi mkwiyo. Tsitsani zala ziwiri kuchokera pamwamba pa sikirini kuti mndandanda wa mauthenga utseguke, mupeze wolakwayo, mugogode kawiri n'kugwiritsitsa. Foni ikuuzani pulogalamu imene yautumiza ndipo ikupatsani mwayi wouletsa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kuyambira pa Android 8, ya mu 2017, mauthenga a pulogalamu imodzi amagawidwa m'magulu, gulu lililonse ndi kaswitchi kake. Ndiye mukhoza kutseka gulu la zotsatsa malonda n'kusiya la ndalama likugwira ntchito. Umu ndi mmene ndinachitira ine, ndipo zinanditengera nthawi yosakwana yophikira tiyi. Ngati uthengawo umangolankhula n'kuthawa musanaugwire, kuyambira pa Android 11 kuli malo otchedwa Notification history mu Settings, amene amasunga mauthenga a maola 24 apitawo. Koma muyambe mwayatsa, sadziyatsa okha. Mawu a m'mamenyu amasiyana pang'ono malinga ndi wopanga foni, musadabwe nazo. Ndipo ngati foni yanu ili pa Android 13, ya mu 2022, kapena kuposerapo, pulogalamu yatsopano imayenera kupempha kaye chilolezo isanayambe kukutumizirani mauthenga. Musamangovomera chilichonse ngati mboni yogulidwa.

Ana asukulu amene mumalemba pa laputopu, anu ndi awa. Kampani ya Microsoft imatulutsa zokonza za Windows Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, choncho phokoso likayamba chapakati pa mwezi, dziwani poyambira kufufuza. Pa Windows 11 dinani batani la Windows pamodzi ndi N kuti mumve mauthenga amene adutsa ndi eniake. Amene mwangosamuka kumene kuchoka pa Windows 10, imene chithandizo chake cha nthawi zonse chinatha pa 14 October 2025, samalani: kuja tinazolowera Windows ndi A, koma kuno mabatani amenewo amatsegula zina. Mukamudziwa wolongolola, pitani ku Settings, kenaka System, kenaka Notifications. Pulogalamu iliyonse ili ndi switchi yake pamenepo. Chakumunsi kwa tsamba lomwelo kuli timabokosi ta malangizo ndi moni amene Windows imapereka ikangodzikonza. Tochotseni chizindikiro, simuluza kanthu. Tsiku lolemba mayeso kapena asayimenti yofunika yatsani Do not disturb, mauthenga adikire panja mpaka mutamaliza.

Nthawi zina wolakwa si Windows ayi, koma zowonjezera zimene tinaika tokha mu NVDA, zija timati ma add-on. NVDA ikasintha kwambiri, zomwe zimachitika kamodzi pachaka, zina mwa zimenezi zimatsalira m'mbuyo. Poyesa, dinani batani la NVDA ndi Q, musankhe kuyambitsanso popanda ma add-on. Phokoso likatha, mwamugwira wakuba, kwatsala kuwabweza mmodzimmodzi kufikira mutadziwa kuti ndi uti. Mu Settings ya NVDA, pansi pa Object Presentation, mulinso bokosi la Report notifications limene limatseka mauthenga onse nthawi imodzi. Ilipo nkhwangwayo, koma ndi mankhwala omwe aja a mnyamata wa mumsika. Ine ndimaisiya. Pa mkwiyo wa nthawi yomweyo batani la Ctrl ndi lokwanira, limadula mawu pomwepo.

Wina anena kuti ndiye tingokana ma update. Ayi, ndisanamizepo munthu. Zambiri mwa zokonzazi zimatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera, ndipo munthu wosunga mpamba wake wonse m'foni sangasewere nazo. Chimene ndimachita n'kusankha nthawi. Windows imalola kuimitsa zokonza kwa masabata mpaka asanu, okwanira kudutsa nyengo ya mayeso. Pa foni ndinaletsa mapulogalamu kudzikonza okha mu Play Store. Tsopano ndimawakonza ndekha Lamulungu madzulo, pulogalamu imodzi kenaka ina, kuti china chikasokonekera ndidziwe mwini wake ndisanatsegule okala m'mawa.

Koma ndisathere pa kulangiza anzanga okhaokha ngati kuti vutoli tinalipanga ndife. Funso langa kwa opanga mapulogalamu ndi ili: munthu atakhala pansi n'kuzimitsa chinthu ndi dzanja lake, n'chifukwa chiyani update ikabwera chimapezeka chayakanso, kapena chabwera ndi dzina lina? Anakuuzani ndani kuti wasintha maganizo? NVDA inayambitsidwa mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, ndipo anaikulitsa pamodzi ndi mnzake James Teh. Onse awiri ndi osaona, ndipo pulogalamu yawo amaipereka ulere. Ukalowa m'mamenyu ake umachita kumva kuti anapanga ndi anthu odziwa mtengo wa khutu, pakuti pafupifupi chilichonse cholankhula chili ndi pozimitsira pake. Nzeru imeneyi siifuna ndalama zambiri, ingofuna kufunsa.

Kuno kwathu achinyamata ophunzira za makompyuta akuchuluka, ndipo ena mwa inu amene mukuwerenga tsamba lino mawa mudzakhala mukupanga mapulogalamu a mabanki, a masukulu ndi a mashopu. Tili ndi lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, tilinso ndi bungwe la Malawi Union of the Blind komwe simungasowe munthu woyesa ntchito yanu. Musanatulutse pulogalamu, yatsani TalkBack, muike foni m'thumba la pepala kuti musaone sikirini, muyese kutumiza K500 kwa mayi anu. Mukalephera, dziwani kuti ifenso tilephera. Zotsatsa malonda muziike m'gulu lakelake, osazisakaniza ndi uthenga wa ndalama pofuna kutikakamiza kumva zonse. Inunso okonza mafoni mumsika, wosaona akabwera musamulande foni n'kuidinadina mwakachetechete. Muuzeni chimene mukuzimitsa, chifukwa ndi iye akagone nayo.

Mnyamata uja ndinabwererako Lachinayi kukamusonyeza za magulu a mauthenga. Anaseka, amvekere: "Ndiye bwana mwandiphunzitsa ntchito yangayanga." Anandigulira Fanta. Kuokala tsopano lamulo ndi limodzi: katundu sachoka pawindo foni isanamalize kutchula ndalama yonse, ndipo ikadulidwa pakati ndimaibwereza kuyambira pachiyambi, mzere utalike bwanji. Bambo wa K850 uja sanabwerenso.