Ofufuza akafika m'mudzi, funsani kalata ya komiti

Ife a m'mbali mwa nyanja anthu ochita kafukufuku sitiwadabwanso. Lero abwera olemba za malungo, mawa ofuna mikodzo ya ana asukulu kuti ayeze likodzo. Amayambira kwa amfumu, nthawi zina kwa ashehe, ndipo ambirife tikaona kuti akuluakulu awalandira timangodinda chala. Koma kulola kwa amfumu n'kolowera m'mudzi basi. Thupi la mwana wanu amfumu alibe nalo mphamvu.

Ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kuyesera munthu za mankhwala kapena za sayansi iye asanavomere. Komanso kafukufuku asanayambe amayenera kuunikidwa ndi komiti. Za umoyo zimapita ku NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena ku COMREC ya ku KUHeS, ndipo zonsezi zimayang'aniridwa ndi bungwe la NCST. Komiti imafunsa kuti: chiopsezo n'chotani? Magazi otengedwawo akathera kuti? Wina akavulala, alipira ndani? Ophunzira a kuyunivesite amadandaula kuti zimenezi zimachedwetsa ntchito komanso zimadya ndalama, ndipo dandaulo lawo n'lomveka.

Komabe taonani zimene zinachitika ku Kano, mzinda wa Asilamu ambiri kumpoto kwa Nigeria. Mu 1996, pa mliri wa matenda oumitsa khosi, kampani ya Pfizer inachita kafukufuku wa mankhwala a Trovan pa ana pafupifupi 200. Ana 11 anamwalira. Kampaniyo inati anafa ndi matendawo, koma makolo anati sanauzidwe kuti ana awo akuyeseredwa mankhwala. Pambuyo pake zinadziwika kuti kalata ya chilolezo inalembedwa kafukufuku atatha kale, n'kuikapo tsiku lakale. Mu 2009 kampaniyo inavomera kupereka madola 75 miliyoni.

Ndalamazo sizinabweze chikhulupiriro. Mu 2003 Kano inakana katemera wa poliyo kwa miyezi yambiri, ndipo nkhani ya Trovan inali pakamwa pa anthu. Poliyo inafalikira mpaka kumaiko ena, ana osalakwa n'kupuwala. Kunonso tikudziwa m'mene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu mu 2017. Ofufuza akabisa zinthu, amene amavutika mawa lake ndi namwino wobwera ndi katemera weniweni.

Sitikunena kuti muzikana kafukufuku, ayi. Mankhwala a malungo amene ana athu akumwa lero anadzera momwemo. Koma pemphani kuti fomu ikuwerengereni m'Chichewa kapena m'Chiyao, mayi afunse ngati adzayezedwa ndi mkazi mnzake, wosala afunse ngati tsiku lingasinthidwe. Mukakana, kapena kusiya pakati, chithandizo chanu kuchipatala sichiyenera kusintha. Ndipo akusiyireni pepala lanu la fomuyo: pamakhala chidindo cha komiti ndi nambala yoimbira mukakhala ndi dandaulo.