Gitala Imodzi ya Kachamba

Loweruka lapitali pa msika wa Tsangano mnyamata wina anandiuza kuti afuna kugulitsa mbuzi ziwiri za amake, agule zokuzira mawu ayambe bandi. Ine ndinamkumbutsa za Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka.

Daniel anayamba ndi gulu. Iye pa gitala, mng'ono wake Donald pa chitoliro, wina pa besi ya chingwe chimodzi, naimba kwela m'misewu ya Blantyre. Ndimo mmene Gerhard Kubik wa ku Austria anawapezera mu 1967. Koma pambuyo pake Daniel anazolowera kuimba yekha ndi gitala yopanda magetsi. Chala chachikulu chinali kugwira ntchito ya besi, cha mkombaphala chikutsogolera nyimbo, kotero kuti womvera pa wayilesi ankayesa kuti alipo awiri kapena atatu. Mawu ake anali kumveka onse, popeza panalibe phokoso lowaphimba. Anamwalira mu 1987, ndipo kwa ine nyimbo zake zokoma koposa ndi zayekhazo.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti ayambe walimbitsa zala pa gitala yake ya chigubu, mbuzi za amake zibereke kaye.