Musawazule agogo pamudzi pawo

Akonzi,

Amene analemba kuti ana a m'tauni azitenga makolo okalamba kukakhala nawo ku Blantyre sakuchidziwa chigwa cha Domasi. Kuno ndi kwa chikamwini: munda umatsata mzere wa amayi, ndipo agogo aakazi ndiwo tsinde la mbumba. Ndiwonso amadziwa podutsa malire. Mukawachotsa mwachotsa mboni, ndipo pakatha dzinja limodzi wina amakhala atalimamo kale. Kutauniko agogo amangotsekeredwa mumpanda tsiku lonse, opanda khasu, opanda anzawo a kumpingo kapena kumzikiti.

Ena adzati nyumba ya agogo yakalamba, ikudontha, ndipo namondwe Freddy mu 2023 anationetsa mmene nyumba za zidina zimagwera. N'zoona. Choncho amangireni kanyumba ka njerwa zootcha, ka zipinda ziwiri, moyandikana ndi mwana wawo wamkazi, kuti phala lizifika likadali lotentha. Enanso adzati kumudzi okalamba amanamiziridwa ufiti. Kuwathawitsa pa chifukwa chimenecho ndi kupereka munda kwa wonamizirayo ngati mphoto! Lamulo loteteza okalamba linakhazikitsidwa mu 2024. Mafumu ndi apolisi aligwiritse ntchito, wonamizirayo akayankhe kukhoti.

Wowerenga wanu,
Domasi, Zomba